Kubweza mwana kusukulu: zomwe ndaona ku Chinsapo

Ndimakhala ku Chinsapo mumzinda wa Lilongwe, ntchito yanga ndi yosoka zovala pakhonde, ndipo kwa zaka zingapo tsopano ndili m'gulu la amayi la pasukulu ya pulayimale ya m'dera lathu, lija timangoti Mother Group. Polowa m'gululi ndinkadziwa kuti ntchito yathu ndi ya atsikana: kuwalangiza akatha msinkhu, kuwasokera nsalu zodzithandizira akakhala kumwezi, ndi kulondola amene atenga pathupi kuti akachira abwerere m'kalasi. Koma ukalowa pakhomo kufuna mtsikana mmodzi, umapeza anyamata awiri ali khale pakhonde nthawi ya sukulu, wina wa Sitandade 3, wina wa Sitandade 5, ndipo sungachoke ngati sunawaone. Ntchito inakula yokha chotero.

Amene andichititsa kulemba ndi makolo omwe amabwera pamashini panga kudzadandaula. "Mayi, mwana uja sukulu wakaniratu. Kumenya ndamenya, nsima ndamumanapo, ine ndatopa." Ambiri amaona ngati vuto ndi mwano kapena ulesi, ndiye mankhwala ake ndi chikwapu ndi kumukokera kugeti. Zomwe ndaona ine n'zakuti kumufikitsa mwana pageti ndi kachigawo kakang'ono chabe ka ntchitoyi. Ana ambiri amene ndawatsatira anathawa chinachake m'kalasimo, ndipo ngati chinthucho chikadalipo, mwana amalowa Lolemba, pofika Lachinayi ali kumsika.

Mwana sasiya sukulu tsiku limodzi. Amayamba ndi kujomba Lachisanu. Kenako akupita m'mawa, koma belu la buleki likalira sabwereranso m'kalasi. Kenako akuchoka pakhomo atavala yunifolomu bwinobwino, makope ali m'jumbo, n'kukathera kuvidiyo kapena kumtsinje kumene anzake akukumba mchenga. Kunyumba amafika nthawi yoweruka, ndiye makolo sadziwa kanthu. Ngati mukufuna kudziwa zoona, tsegulani kope lake muone deti lomaliza kulemba. Ine ndapezapo kope loti ntchito yomaliza inalembedwa teremu yapita, chonsecho mwanayo tsiku lililonse amatsanzika kuti akupita kusukulu.

Musafulumire kuloza chala aphunzitsi kuti bwanji sanakuuzeni. Chichokereni 1994, pomwe boma linachotsa fizi kupulayimale ndipo ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, makalasi athu sanapumepo. Kuno kutauni kalasi ya ana opitirira 100 si yachilendo, ena pansi, ena pawindo, ena akulowa m'mawa ena masana. Mphunzitsi woitana mayina onsewo tsiku ndi tsiku, nthawi yophunzitsa ikhala itatha. Mwana wofatsa wokhala kumbuyo atha kusowa mwezi wathunthu popanda womufunsa, ndipo mwanayo amaona kuti palibe wamusowa.

Amene anandiphunzitsa zambiri ndi mnyamata wina wa zaka 12 yemwe ankakhala ndi agogo ake pafupi ndi kwathu. Anasiyira mu Sitandade 4, n'kuyamba kuyenda wapansi kupita mumzinda kukagulitsa majumbo kumsika wa Tsoka ndi kunyamula katundu wa anthu kudepoti. Agogowo anali atamulankhula mpaka mawu kutha. Ine sindinayambe ndi nkhani ya sukulu. Ndinkamutuma kukandigulira ulusi ndi mazipi akamapita kutauni, ndipo chenji ankabweretsa chokwanira osasowa ndi kobiri lomwe. Masamu a pamtima anali nawo kuposa akuluakulu ena. Tsiku lina ndili pamashini, manja atatanganidwa ndi diresi la ukwati, ndinamupatsa kope lomwe ndimalembamo miyezo ya makasitomala.

"Tandipezera dzina la mayi aja anabweretsa chitenje chobiriwira dzulo, undiwerengere m'chiuno mwawo."

Anatenga kopelo, n'kutsegula, n'kumayendetsa chala pamzere uliwonse pang'onopang'ono. Anatsegula tsamba lina, n'kubwereranso. Kenako analitseka n'kunena kuti, "Amayi, maso akundiwawa lero." Manambala ankawadziwa onse, koma mayina ayi. Mwana wofika Sitandade 4, atabwerezanso makalasi awiri m'njira, sankatha kuwerenga ngakhale dzina la zilembo zinayi.

Patapita masiku anandiuza yekha mmene zinkakhalira. Aphunzitsi akati aliyense awerenge ndime mwa mzere, iye ankawerengera kuti kwatsala anthu angati kuti afike pa iye, ndiye ankapempha kupita kuchimbudzi osabwerako. Tsiku lina sanathe kuthawa, anaimirira, n'kungokhala duu. Kalasi yonse inaseka, ena n'kumamutchula kuti "abambo a m'kalasi" poti anali wamtali kuposa onse. Kuyambira pomwepo kumsika kunamukomera, chifukwa kumeneko anali munthu wodalirika, woitanidwa ndi dzina, wolowa m'nyumba madzulo ali ndi kandalama ka ndiwo.

Nkhani ya mnyamatayu si yake yekha. Mwa ana amene ndakhala nawo pansi, ochuluka amene amati "sukulu sindiifuna" amakhala kuti kuwerenga kunawadutsa mu Sitandade 1 kapena 2, mwina chifukwa anadwala malungo teremu ina, mwina makolo anasamuka pakati pa chaka monga timachitira ife a nyumba za lendi. Amakwawa nawo choncho mpaka Sitandade 4. Akafika Sitandade 5, pomwe maphunziro onse kupatula Chichewa amakhala m'Chingerezi, mabuku ndi mayeso omwe, mwana woti Chichewa chomwe sawerenga amangokhala ngati mlendo pamaliro a eni, akuona anthu akulankhula koma osadziwa mutu wake. Ndani angapirire zimenezo maola asanu tsiku lililonse?

Ndiye tisanakambe zobwerera kusukulu, tinayamba kuwerenga pakhonde pompano. Aphunzitsi ena a Sitandade 1 anandibwereka buku la Chichewa mwa mabuku aja anabwera ndi National Reading Programme, pulogalamu ya boma yomwe inayamba mu 2016, ndipo anandionetsa mmene amaphunzitsira masiku ano: kuyamba ndi liwu la lembo, kenako kuphatikiza. Ife kale tinkangoloweza pamtima zomwe zili pabolodi. Ndinatolera zitsekerero za mabotolo, n'kulemba lembo limodzi pa chilichonse ndi penti wa zikhadabo. Madzulo akabwera kumsika ankayala zitsekererozo pamkeka: m ndi a, ma, m ndi e, me. Kenako mawu enieni: mama, meta, moto. Ndinkamupatsa mawu a zinthu zomwe amagwira tsiku ndi tsiku, monga jumbo, tomato, matemba, ndalama, chifukwa nkhani za m'buku la Sitandade 1 n'za tiana ndipo ankachita nazo manyazi. Maphatikizo ovuta ngati nkh, mph ndi ng'w anamutengera nthawi, ndipo masiku ena ankakankha zitsekererozo n'kuchoka. Ndinkamusiya, mawa ankabwera yekha.

Chinthu chimodzi ndinasamala kwambiri: palibe mwana wina aliyense ankaloledwa kuonerera. Ana anga omwe ndinkawatuma kwina nthawi imeneyo. Manyazi ndi amene anamuchotsa kusukulu, ndiye sakanaphunzira pamaso pa anthu. Atayamba kugwira, mtsikana wina wa Fomu 2 wa nyumba yoyandikana nafe anayamba kumuthandiza Loweruka ndi Lamulungu masana, ndipo anamvana bwino kuposa ine chifukwa msinkhu wawo sunatalikirane. Ngati inuyo kuwerenga simudziwa, musataye mtima. Pezani mwana wa kusekondale wodekha, kapena mphunzitsi wa Sande sukulu kapena wa kumadrasa, ndipo mphindi 20 patsiku zimakwana, bola zisadukize.

Tsiku lomwe anawerenga yekha chikwangwani cha pa minibasi, anabwera akuthamanga kudzandiuza, thukuta lili kamukamu. Apa mpomwe ndinatchula za sukulu koyamba, ndipo sanakane. Anangofunsa kuti, "Koma akandibweza ku Sitandade 2?"

Funso limenelo ndi lalikulu, ndipo makolo muzilitenga mozama. Mnyamata wa zaka 12 kumukhazika pakati pa tiana ta zaka 7 n'kumuthamangitsa kachiwiri. Ndinapita ndi agogo ake kwa ahedi, mwanayo tinamusiya kaye kunyumba kuti tilankhule momasuka. Agogo anali ndi mantha, ankaona ngati akawakalipira. Ine ndinafotokoza zonse mosabisa: anasiya liti, chifukwa chiyani, pano wafika pati pa kuwerenga. Ahedi anaitana aphunzitsi a Sitandade 4, mayi wachikulire wolankhula pang'ono, ndipo tinagwirizana zinthu zitatu zomwe sizinafune ndalama ngakhale imodzi. Abwerere mu Sitandade 4 momwe anasiyira. Asamuimike kuwerenga pamaso pa anzake kufikira atadzipereka yekha. Ndipo akhale kutsogolo chakumbali, osati kumbuyo komwe kumakhala akuluakulu anzake ojomba.

Aphunzitsiwo anawonjezapo nzeru yawo yomwe ine sindikanaiganiza. Anamupatsa ntchito yokatenga mabuku ku ofesi m'mawa uliwonse, kuwagawa, ndi kuwawerenga powabweza. Munthu wa masamu a kumsika uja, buku silinasowepo. Ndipo popeza mabuku amafunika belu loyamba likangolira, iye akachedwa kalasi yonse inkadziwa. Anayamba kudzuka m'mamawa osadzutsidwa. Tsiku lina atadwala m'mimba, aphunzitsiwo anatuma mwana kudzafunsa kuti, "Madamu akuti mabuku atenga ndani lero?" Agogo anandiuza kuti mnyamatayo atamva zimenezo anafuna kudzuka pamphasa nthawi yomweyo.

Panatsala nkhani ya ndalama, ndipo pano ndilankhule chilungamo ngakhale ena sagwirizana nane. Kandalama ka majumbo kaja ndiko kankagula ndiwo ndi makala pakhomo paja. Kungouza agogo kuti mwana asagwirenso ntchito, osawauza kuti adya chiyani, ndi kulankhula kwa munthu wokhuta. Ine sindikondwa kuona mwana wa zaka 12 akunyamula thumba la mbatata kudepoti, ndipo kunyamula katunduko tinaletseratu. Koma majumbo tinagwirizana kuti azigulitsa Loweruka lokha ndi patchuthi. Amayi a m'gulu lathu la banki m'khonde anawabwereka agogowo kampamba koyambira kukazinga zitumbuwa, ndipo tinakawatchula kwa amfumu kuti akamalemba mayina a mabanja ovutika, monga a Mtukula Pakhomo, asawaiwale. Sizinathetse umphawi wawo, koma zinakwanira kuti mwana asamajombe pofuna ndiwo za tsiku limenelo. Sitandade 4 anakhoza, ndipo pano akulimbana ndi Chingerezi cha makalasi apamwamba. Sali pa nambala wani, koma akupita.

Si onse amene vuto lawo ndi kuwerenga. Kamtsikana kena ka Sitandade 2 kankadziwika kuti n'kamwano, kosayankha akakaitana, mpaka kanayamba kukana kupita. Mayi wina wa m'gulu lathu anaona kuti kakamamvetsera kamatembenuza mutu mbali imodzi. M'khutu munkatuluka mafinya, ndipo makolo ankangopukuta ndi kansalu poganiza kuti zitha zokha. Atapita nako kuchipatala n'kulandira mankhwala, aphunzitsi n'kukakhazika kutsogolo, nkhani inathera pomwepo. Mwana akamakana sukulu muyezetseni maso ndi makutu. Ndipo ngati ali ndi ulumali kapena amachedwa kugwira zinthu, funsani ahedi za aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera, aja amaphunzira ku koleji ya Montfort, chifukwa sukulu zina za mumzinda muno zili ndi chipinda chawo.

Za yunifolomu ndi sukulu fandi ndingonena mwachidule. Lamulo la maphunziro la 2013 limati pulayimale m'sukulu za boma ndi yaulere ndiponso yokakamiza, ndipo Unduna wa Maphunziro wakhala ukunena kuti mwana asabwezedwe chifukwa chosowa yunifolomu kapena ndalama ya chitukuko. Mwana wanu akabwezedwa, musamusunge pakhomo kudikira kuti mupeze ndalama, poti sabata ziwiri zokhala pakhomo ndizo zimasanduka chaka. Pitani kwa ahedi mwaulemu, zikakanika kwa a komiti ya sukulu, zikakanikanso kwa a PEA, alangizi oyang'anira sukulu za pulayimale, ku TDC, komwe kuli ofesi yawo m'zoni yanu. Komabe dziwani kuti ngakhale lamulo likumulola, mwana wovala malaya ong'ambika pakati pa anzake a yunifolomu amadziona yekha. Ife timapempha mayunifolomu kwa amene amaliza Sitandade 8, ine n'kuwachepetsa pamashini. Ndi ntchito ya ola limodzi.

Nkhani yomwe imandipweteka mtima kwambiri ndi ya atsikana otengedwa kumudzi. Munthu amapita kwawo ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mchinji, n'kuuza mlongo wake kuti, "Mwanayu ndimutenge akaphunzire kutauni." Makolo amavomera mokondwa. Akafika kuno, mwana wa zaka 10 kapena 11 ndiye wolera khanda, wotunga madzi kukiyosiki, wochapa matewera, pomwe ana a m'nyumbamo akupita kusukulu atanyamula kamba. Ukafunsa amati, "Tikudikira transifa leta kuchokera kumudzi." Kalatayo imadikiridwa mpaka chaka kutha.

Mmodzi wotere ndinamupeza pakiyosiki nthawi ya 9 koloko m'mawa, khanda kumsana, ndowa pamutu. Kwawo anali mu Sitandade 5 ndipo ankakhoza bwino. Uyu sukulu sanaithawe, anachita kumuchotsa. Tinapita amayi atatu kukaona azakhali akewo, ndipo sitinapite ngati apolisi. Tinalonjerana, tinakhala pamkeka, tinayamikira kuti akusunga mwana wa m'bale wawo pomwe zinthu zadula chonchi. Kenako wamkulu wa gulu lathu anati, "Mayi, tabwera kudzakuthandizani za malo a mwanayu kusukulu. Ahedi akuti abwere Lolemba, kalata idzatsatira pambuyo." Tinali titadzera kale ku ofesi, ndiye chodzikhululukira chinatha. Mayiwo anadandaula za khanda, poti iwo amagulitsa kaunjika ndipo amachoka m'bandakucha. Dandaulo lawo linali loona. Tinapeza mayi wina woyandikana nawo amene amakhala pakhomo, n'kugwirizana kuti khandalo lizikhala kumeneko mpaka mtsikanayo aweruke, iwo azipereka kangachepe pamwezi.

Pakhomo potere mukalowa ndi ukali, amene amalipira ndi mwana. Mukangotuluka amamenyedwa chifukwa "chowaneneza kwa anthu", kapena mawa lake amamukweza basi kubwerera kumudzi, komwe mwina akamukwatitsa. Tsono muziyamba mofatsa, koma osalekera pomwepo. Muzidutsa pakhomopo kawirikawiri kuti adziwe kuti pali maso. Pomwe mwaona zipsera, kapena mwana wakuuzani za kugwiriridwa, imeneyo si nkhani yokambirana pamkeka. Pitani kwa alangizi oteteza ana a ku ofesi ya Social Welfare, kapena ku Victim Support Unit kupolisi, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Malamulo a dziko lino, chisinthireni mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ngakhale atakula thupi bwanji.

Atsikana otenga pathupi ali mu Sitandade 6, 7 kapena 8 nawonso ali ndi ufulu wobwerera. Ndondomeko yowalola inayamba kale mu 1993, koma mpaka lero makolo ena sadziwa, amangoti "basi wadziphera tsogolo". Chofunika n'kukadziwitsa ahedi msanga kuti malo ake asungike, m'malo mongomubisa m'nyumba. Pobwerera, ambiri amafuna sukulu ina komwe sakuwadziwa, ndipo ine ndimawavomereza ngakhale ikhale yotalikirapo. Anyamata a m'kalasi akayamba kumuitana kuti "make mwana", mtsikana wa zaka 15 sapirira. Chinanso, pasakhale kunamizana za amene adzalere khanda. Ngati agogo ake a khandalo sanavomere ndi mtima wonse, mtsikanayo adzajomba tsiku lililonse lomwe mwana watentha thupi.

Kunena zoona, ana ambiri amene tikuwalondola pano anataya njira pa nthawi ya Covid-19. Sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020, ndipo makalasi ambiri anatsegulidwanso mu Okutobala. Miyezi yonseyo ana anazolowera maganyu ndi ndalama ya m'manja, ndipo tiana ta Sitandade 1 ndi 2 tinaiwala ngakhale malembo ochepa omwe tinali titagwira. Mu Januwale 2023 kolera inachedwetsanso kutsegulira sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre ndi sabata ziwiri. Nthawi iliyonse sukulu ikatsekedwa chonchi, pamakhala ana ena osabwerera, ndipo amakhala omwe aja ankakayika kale.

Pali njira zina zomwe anthu amazikonda koma ine sindizikhulupirira kwenikweni. M'midzi ina yozungulira Lilongwe mafumu amatulutsa gule kuti aziperekeza ana kusukulu m'mawa, ndipo ena amalipiritsa nkhuku kwa kholo lomwe mwana wake wajomba. Sindikunyoza, chifukwa zimaonetsa kuti mudzi wonse nkhaniyi waitenga kukhala yake, ndipo pa ana ongochita chibwana zimagwira. Koma mwana wosatha kuwerenga, kapena womva njala, mantha amamufikitsa pabwalo la sukulu basi. Buleki ikakwana amadzera kuseri kwa zimbudzi. Chimodzimodzinso chibalo. Mwana wasowa miyezi itatu, walimba mtima wabwera, tsiku loyamba lomwelo akupatsidwa khasu kuti akumbe dzenje la zinyalala anzake akuonerera pawindo. Aphunzitsi, chonde, mwana wobwerera mulandireni kaye. Ife amayi timayesetsa kukhalapo m'mawa wa tsiku loyambalo kuti zimenezi zisachitike, ndipo aphunzitsi ambiri ukawafotokozera bwino amamva.

Sabata zoyambirira mwana atabwerera ndi zomwe zimafuna maso kwambiri. Timamupezera mnzake wa njira imodzi woti azimudzera m'mawa, chifukwa kulowa pageti uli wekha utasowa nthawi yaitali n'kovuta, koma muli awiri mukucheza umangozindikira wafika. Mmodzi wa ife amadutsa kusukulu ikatha buleki, osati m'mawa, kukasuzumira ngati alipo. Akajomba tsiku limodzi timapita kwawo madzulo a tsiku lomwelo, osati kukakalipa, koma kukafunsa chachitika n'chiyani. Kawirikawiri chimakhala chinthu chaching'ono: kope latha, wina wamulanda pensulo, sopo anasowa ndiye malaya ndi akuda. Zinthu zoterezi kwa munthu wamkulu si nkhani, koma kwa mwana amene mtima wake uli kale theka kunja zimakwana kumubweza. Ndipo akabwera kuchokera kusukulu, mufunseni akuonetseni zomwe walemba, ngakhale inu musathe kuziwerenga. Agogo aja ankangoyang'ana pomwe aphunzitsi achonga ndi bolopeni yofiira n'kumawerenga zochongazo mokweza, mnyamata n'kumamwetulira.

Kwa ana amene akulitsa, oti zaka 14 kapena 15 koma anasiyira Sitandade 2 kapena sanayambe n'komwe, kalasi wamba nthawi zambiri siwayenera. Boma lili ndi maphunziro apadera otchedwa Complementary Basic Education, CBE mwachidule, omwe anayamba mu 2006 kuti athandize ana a zaka 9 mpaka 17 omwe sali pasukulu. Amaphunzira maola ochepa patsiku m'magulu ang'onoang'ono kwa zaka zitatu, ndipo amene akufuna amatha kukalowa m'makalasi apamwamba a pulayimale n'kudzalemba mayeso a MANEB a Sitandade 8. Malo ake sapezeka paliponse, ndiye funsani a PEA ngati alipo m'zoni yanu.

Ndipo alipo ena amene sitinathe kuwabweza. Mnyamata wina wa zaka 13 tinamuyesa njira zonsezi, anabwerera teremu imodzi, kenako bambo omupeza atayamba kumwa ndi kumenya, anachoka pakhomo n'kukayamba kugona m'makhonde a mashopu ku Old Town. Mwana akafika pogona mumsewu, ntchitoyo yaposa gulu la amayi a pasukulu. Imafuna a Social Welfare ndi mabungwe odziwa za ana a mumsewu monga Chisomo Children's Club, amene amayamba ndi kukonza za pakhomo asanakambe za kalasi. Tinakamunena kumeneko, ndipo ndikapita kutauni kukagula nsalu ndimamuyang'ana. Ndikamupeza timalonjerana, ndimamugulira chiwaya, ndipo ndimamuuza kuti dzina lake m'rejisitala aphunzitsi sanalifute.

Pano tikukonzekera teremu yachiwiri, ya Januwale mpaka Malichi, yomwe ndi yovuta kuposa zonse kuno. Chimanga chimakhala chakwera mtengo, mvula imagwa m'mawa, makalasi a pansi pa mtengo amabalalika, ndipo mabanja ena amatenga ana kupita nawo kumaganyu opalira m'minda ya m'mbali mwa mzinda. Mwana wochoka m'nyumba osadya kanthu, pofika 10 koloko mutu umakhala uli ku nsima. Chaka chino tagwirizana ndi a komiti kuti kholo lililonse lomwe lingathe libweretse kambale ka chimanga kapena soya nthawi ya tchuthi cha Khirisimasi, tigayitse pamodzi, kuti tiziphika phala masiku atatu pasabata kwa ana a Sitandade 1 mpaka 3 ndi onse amene tawabweza. Nkhuni alonjeza amfumu. Tapemphanso aphunzitsi a kalasi iliyonse kuti sabata yoyamba ikatha atipatse mayina a ana amene sanaonekere, kuti Loweruka lomwelo tigawane makomo.